Dera la Lower River: M'mene Chigwa cha Shire Chakhala Chikuvotera

Pa mapu a zisankho a dziko lathu lero simungapezepo dera lotchedwa Lower River. Ngakhale m'kalasi ya Histori dzinali silimveka kawirikawiri. Komatu dera limeneli lidalipo, ndipo ndilo lidatumiza ku Zomba phungu woyamba wosankhidwa ndi mavoti a anthu a m'chigwa cha Shire. Lidakhala zaka zitatu zokha, kuyambira mu 1961 mpaka mu 1964, kenaka adaligawa.

Ine ndine mwana wa m'chigwa momuno. Kawirikawiri ndimamva anzathu a kumtunda akunena kuti anthu a ku Chikwawa ndi ku Nsanje ndi osavuta pa ndale: ukangokopa mtsogoleri wao, ndiye kuti wakopa onse. M'mau amenewa muli choona pang'ono, koma si choona chonse. Ndikufuna kuti tiyende limodzi m'mbiri ya Lower River ndi madera amene adabadwa m'menemo, tione m'mene makolo athu akhala akuvotera. Mudzaona kuti chigwa chino chimabwereketsa voti, ndipo chikaona kuti wobwerekayo waiwala mwini wake chimakailanda.

Dera lake lidali lotani

Mu 1953 atsamunda adaphatikiza Nyasaland ndi maiko awiri a Rhodesia m'chitaganya chimene likulu lake lidali ku Salisbury, mzinda umene lero ndi Harare. Anthu akuda a kuno sadachifune chitaganyachi. M'chigwa muno mkwiyo udakula chifukwa cha malamulo a malimidwe. Alangizi a boma ankakakamiza alimi kupanga mizere m'minda ya m'chigwa, ndipo wokana ankalipitsidwa kapena kumangidwa. Anthu, Amang'anja ndi Asena omwe, adakana kwamtuwagalu. Choncho pamene Dr. Kamuzu Banda adabwera mu 1958 kudzatsogolera nkhondo yolimbana ndi chitaganya, adapeza chigwa chitapsa kale mtima.

Pa 3 Malichi 1959 boma lidagwira atsogoleri a Nyasaland African Congress ndi kuletsa chipanicho. M'malo mwake mudabadwa Malawi Congress Party. Kamuzu adatuluka m'ndende pa 1 Epulo 1960, ndipo chaka chomwecho ku Lancaster House, mu mzinda wa London, adagwirizana ndi boma la Britain za malamulo atsopano oyendetsera dziko. Malamulowa adakonza mipando 28 yochita kuvotera m'Nyumba ya Malamulo. Mipando 8 idali ya kaundula wapamwamba, m'mene ambiri adali Azungu ndi Amwenye. Mipando 20 idali ya kaundula wapansi, wa anthu akuda.

Umodzi mwa mipando 20 imeneyi udali Lower River. Derali lidatenga maboma onse awiri, Chikwawa ndi Port Herald, limene pambuyo pa ufulu lidasinthidwa dzina kukhala Nsanje. Taganizani, phungu mmodzi kuimira anthu onse kuchokera ku mathithi a Kapichira mpaka ku Marka m'malire a Mozambique, tsidya lino ndi tsidya ilo la Shire, nthawi imene msewu wa tara kudalibe.

Chisankho cha 1961

Chisankho chidachitika pa 15 Ogasiti 1961. Si munthu aliyense adali ndi voti. Kuti ulembedwe m'kaundula wapansi udayenera kukhala ndi zaka 21, ndiponso kukwaniritsa zina mwa izi: kukhala ndi ndalama kapena katundu wofika pa mlingo umene boma lidaika, kudziwa kulemba ndi kuwerenga utakhoma msonkho zaka zambiri, kukhala mfumu, kapena kukhala msilikali wopuma. Dziko lonse lidalembetsa anthu ongopitirira pang'ono 100,000 m'kaundulayu, ndipo amai adali ochepa zedi. Mlimi wamba wa thonje amene sadapite kusukulu adangoonerera, ngakhale ndiye adazunzika kwambiri ndi malimidwe.

Funso la chisankhochi lidali limodzi: chitaganya chipitirire kapena chithe? Chipani cha Kongeresi chidatenga mipando yonse 20 ya kaundula wapansi, kuonjezapo iwiri ya kaundula wapamwamba. Ku Lower River adapambana mnyamata wosakwana zaka 30, wochokera tsidya la kum'mawa kwa Shire m'dera la Mfumu Mlolo, amene adaphunzirapo ku Zomba Catholic Secondary School. Dzina lake Gwanda Chakuamba Phiri. Lisungeni dzinali, pakuti mbiri ya mavoti a m'chigwa chino idayenda nalo limodzi zaka pafupifupi makumi asanu.

Chitaganya chidatha pa 31 Disembala 1963. Pokonzekera ufulu wa pa 6 Julayi 1964, madera a anthu wamba adawachulukitsa kufika 50, ndipo dzina la Lower River lidachoka pa mapu. Chaka chimenecho ndi pamene munthu wamkulu aliyense, mwamuna kapena mkazi, wophunzira kapena wosaphunzira, adapatsidwa ufulu wovota. Koma zodabwitsa n'zakuti palibe amene adaponya voti. Oimira Kongeresi adalibe opikisana nao, ndiye onse adalowa popanda chisankho.

Zaka za chipani chimodzi

Mu 1966 dziko lidakhala la chipani chimodzi. Mu 1971 ndi mu 1976 kudali zotchedwa zisankho, koma anthu sadavote. Nthumwi za chipani m'boma zinkapereka maina, Kamuzu n'kusankhapo amene wamukonda, basi ameneyo ndiye phungu. Kuyambira mu 1978 adayamba kulola anthu awiri kapena oposerapo kupikisana m'dera limodzi, koma onse a chipani chimodzimodzicho, onse ovomerezedwa ndi likulu, ndiponso okhoza mayeso a Chingerezi. Zidateronso mu 1983, mu 1987 ndi mu 1992. Choncho amene adavota ku Lower River mu 1961 adadikira zaka 17 kuti aonenso bokosi la mavoti, ndi zaka 33 kuti asankhenso pakati pa zipani.

M'zaka zimenezi a Chakuamba adakwera kwambiri. Adakhala nduna m'maunduna osiyanasiyana, adayang'anira chigawo cha kummwera, ndiponso adali mkulu wa gulu la Apayoniya limene anthu ankaliopa. Tisabise, iwo adali m'kati mwenimweni mwa ulamuliro umene unkafunsa khadi ya chipani pakhomo la msika. Koma mu 1980 ulamuliro womwewo udawatembenukira. Adawagwira pa mlandu woukira boma, ndipo bwalo la milandu la makolo lidawalamula kukhala m'ndende zaka 22.

Patangopita zaka zitatu chigwa chidaliranso. Mu Meyi 1983 a David Chiwanga, phungu wa ku Chikwawa, adaphedwa ku Mwanza pamodzi ndi nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala. Boma lidati idali ngozi ya galimoto. Bungwe lofufuza limene lidakhazikitsidwa mu 1994 lidapeza kuti adaphedwa ndi apolisi. Phunziro kwa phungu aliyense wa masiku amenewo lidali lomveka: mpando udauchokera kumwamba, ndipo kulankhulira anthu ako kungathe kukutengera kumanda.

Nyali ndi tambala

Pa 8 Malichi 1992 m'matchalitchi onse a Katolika mudawerengedwa kalata ya maepiskopi ya nyengo ya Lenti, yodzudzula kusowa kwa ufulu ndi chilungamo m'dziko. Mmodzi mwa amene adasaina adali Ambuye Felix Mkhori, episkopi wa Chikwawa pa nthawiyo. Kalatayi idatsekula pakamwa pa anthu, ndipo pa 14 Juni 1993 kudachitika riferendamu. Wofuna matipate ankavotera nyali, wofuna chipani chimodzi ankavotera tambala wakuda. M'dziko lonse, pafupifupi anthu awiri mwa atatu alionse adasankha nyali. Chikwawa ndi Nsanje adasankhanso nyali ndi mavoti ochuluka.

Tsono pano ndi pamene nkhani yathu ikomera. Chaka chomwecho a Chakuamba adatuluka m'ndende atakhalamo zaka 13. Adayamba alowa UDF, koma posakhalitsa adabwerera ku Kongeresi, chipani chimene chidawamanga, n'kukhala mlembi wamkulu. Kamuzu atapita kukachitidwa opaleshoni ku Johannesburg mu Okutobala 1993, iwo ndiwo adatsogolera bungwe la anthu atatu limene lidagwirizira udindo wa pulezidenti. Pa chisankho cha pa 17 Meyi 1994 adaima ngati wachiwiri kwa Kamuzu.

A Bakili Muluzi a UDF adapambana, ndipo chigawo cha kummwera chidawavotera mwaunyinji. Chikwawa idawavoteranso, ngakhale si kwambiri monga maboma a kumtunda. Koma Nsanje idakhala boma lokhalo m'chigawo chonse cha kummwera kumene Kamuzu adaposa a Muluzi. Anthu omwe aja adakana tambala mu Juni 1993 adavotera tambala patangopita miyezi 11. Kodi chidasintha n'chiyani? Chipani chidali chomwecho, mtsogoleri yemweyo. Chidasintha n'chakuti mwana wa pakhomo, amene anthu ankamutcha Mbuya, adaima pafupi ndi mpando waukulu, ndipo Kamuzu adali atakalamba.

Kumbuyo kwa Mbuya

Pa chisankho cha pa 15 Juni 1999 madera m'dziko lonse adafika 193. Nthaka imene kale idali Lower River tsopano idali ndi aphungu 11. Chikwawa idali ndi 6: kumpoto, kum'mawa, kumadzulo, pakati, kummwera ndi Mkombezi. Nsanje idali ndi 5: kumpoto, Lalanje, pakati, kummwera ndi kummwera cha kumadzulo. Madera amenewa adakhala choncho mpaka chisankho cha 2019.

Mu 1999 a Chakuamba adaimira mgwirizano wa Kongeresi ndi AFORD pa mpando wa pulezidenti, wachiwiri wao ali a Chakufwa Chihana. Adapeza mavoti pafupifupi 45 pa 100 alionse, a Muluzi n'kupeza pafupifupi 52. Nsanje idaima ndi mwana wake. Palibe munthu wina wa m'chigwa chino amene adayandikirapo chotere ku mpando wa pulezidenti.

Kenaka m'Kongeresi mudabuka mkangano wa utsogoleri pakati pa a Chakuamba ndi a John Tembo. A Chakuamba adatuluka n'kuyambitsa Republican Party, ndipo pa chisankho cha pa 20 Meyi 2004 adatsogolera Mgwirizano wa zipani zisanu ndi ziwiri. Adakhala achitatu, kumbuyo kwa a Bingu wa Mutharika ndi a Tembo. Chipani chao chatsopanocho, chimene chidali chisanathe ngakhale chaka, chidapeza aphungu 15, ndipo gawo labwino la mipandoyi lidachokera m'chigwa chino. Kongeresi, imene idali ndi aphungu ku Nsanje kwa zaka khumi za matipate, sidapeze mpando ngakhale umodzi kummwera konse.

Kufika apa, anzathu a kumtunda aja akuoneka ngati akunena zoona. Mbuya atavala malaya a Kongeresi, chigwa chidavala omwewo. Atawavula, nachonso chidavula. Koma tiyeni tidzifunse chifukwa chake. Chigwa chili kumapeto kwa dziko, kutsika phiri la Thyolo ndi zitunda za Chikwawa. Ndi dera la kutentha, la chilala chaka china ndi madzi osefukira chaka chinzake. Shuga wa ku Nchalo, thonje ndi ng'ombe zimakwera kumtunda, koma chitukuko chimatsika mochedwa. Zipani zikuluzikulu za 1994 zidali ndi kwao: AFORD kumpoto, Kongeresi pakati, UDF kumtunda kwa kummwera. Chigwa chidalibe chipani chake. Chimene chidali nacho ndi munthu mmodzi wodziwika dziko lonse, ndipo anthu adaona kuti njira yachidule yofikitsira madandaulo ao ku likulu ndi kudzera mwa iyeyo. Uku sikudali kutsata mwakhungu. Kudali kuwerengera.

Chaka chimene ngongole idaitanidwa

Umboni wake udaoneka mu 2009. Patangopita masabata ochepa chisankho cha 2004 chitatha, a Chakuamba, amene ankati adaberedwa mavoti, adagwirizana ndi boma. Mu Febuluwale 2005 adakhala nduna ya zamalimidwe m'boma la a Bingu, koma chaka chisanathe adachotsedwa. Adayambitsa chipani china, New Republican Party, ndipo pofika 2009 adali kumbali ya a Muluzi ndi a Tembo, anthu amene adalimbana nao kale. Anthu adatopa kuwerenga malaya.

Nthawi yomweyo boma la a Bingu lidali likugawa makuponi a feteleza ndi mbeu zotsika mtengo, ndiponso lidalonjeza doko ku Nsanje, loti sitima za pamadzi zizichokera ku nyanja ya mchere kudzera mu Zambezi ndi Shire. Pa 19 Meyi 2009 a Bingu adapambana ndi mavoti pafupifupi 66 pa 100 alionse, ndipo chigwa chidavotera iwo ndi chipani chao cha DPP. A Chakuamba adaima pa mpando wa phungu kwao kwenikweni, kumpoto kwa Nsanje, ndipo adagonja kwa woimira DPP. Munthu amene adatenga Lower River yense mu 1961 adalephera kutenga kachigawo kamodzi ka derali. Adamwalira pa 24 Okutobala 2016.

Nanga dokolo? Adalitsekulira mu Okutobala 2010 pamaso pa a Robert Mugabe a ku Zimbabwe ndi a Rupiah Banda a ku Zambia. Boma la Mozambique lidagwira bwato limene linkabwera ku mwambowo, ponena kuti kafukufuku wa mtsinjewo adali asanachitike. Sitima zonyamula katundu sizidayambe kufika. Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Kuyambira 2014 kufika 2025

M'zaka zotsatira, chigwa chidaonetsa luso lina: kugawa voti. Pa mpando wa pulezidenti, maboma onse awiri adavotera a Peter Mutharika mu 2014, mu 2019, pa chisankho chachibwereza cha pa 23 Juni 2020 chimene a Lazarus Chakwera adapambana, ndiponso pa 16 Sepitembala 2025. Koma pa mipando ya aphungu sizidayende m'khwawa limodzi.

Mu 2014 dera la kumpoto kwa Nsanje lidasankha mai Esther Mcheka Chilenje, oima paokha, amene adakhala wachiwiri kwa sipikala. Mu Julayi 2017 a Sidik Mia, amene adakhalapo phungu wa Mkombezi ndi nduna, adalowa Kongeresi pa msonkhano wa ku Ngabu. Pa 17 Okutobala chaka chomwecho kudali chisankho chapadera ku Lalanje chifukwa cha imfa ya phungu, a Sam Ganda, ndipo a Lawrence Sitolo a Kongeresi adapambana. Ambiri adati chigwa chapeza Mbuya watsopano. Koma mu 2019, a Mia ataima ngati wachiwiri kwa a Chakwera, Lalanje yemweyo adasankha mai Gladys Ganda a DPP, pamene Mkombezi adasankha mai Abida Mia a Kongeresi. Dzina la munthu mmodzi silidakwanirenso kukoka chigwa chonse.

Makhoti nawonso adalowererapo. Pa 3 Febuluwale 2020 khoti lidafafaniza chisankho cha pulezidenti cha 2019 chifukwa cha zolakwika zambiri, kuphatikizapo kufufuta manambala ndi Tipp-Ex. Kumayambiriro kwa 2021 khoti lidafafanizanso zotsatira za aphungu kumpoto ndi pakati pa Nsanje. Pa chisankho chobwereza cha pa 30 Malichi 2021 mipando yonse iwiri idachoka ku DPP kupita ku Kongeresi, imene tsopano idali m'boma. A Enock Chizuzu adatenga kumpoto, a Kafandikhale Mandevana n'kutenga pakati. A Mia adali atamwalira ndi Covid-19 pa 12 Januwale chaka chomwecho, choncho sitinganene kuti anthu adatsata iwo.

Pokonzekera chisankho cha 2025, bungwe loyendetsa zisankho lidadulanso malire, madera a dziko lonse n'kufika 229. Malire a madera si mapiri. Amasuntha anthu akachuluka, monga adasunthira mu 1964.

Tiphunzirepo chiyani

Ndikaika pamodzi zaka zonsezi ndimaona zinthu zitatu.

Choyamba, palibe chipani chimene chinganene kuti chigwa cha Shire n'chake. Kongeresi, UDF, Republican, DPP ndi oima paokha, onse adalandirapo mavoti kuno, ndipo onse adalandidwapo. Wandale wobwera ndi mau oti kuno ndi kuchipinda kwake ayambe wawerenga zimene zidachitika mu 2009.

Chachiwiri, kuchuluka kwa aphungu sikutanthauza kuchepa kwa mavuto. Tidayamba ndi phungu mmodzi, tidafika pa 11. Koma njanji ndi msewu wa pakati pa Bangula ndi Makhanga zidakokoloka mu 1997, ndipo kwa zaka zambiri anthu a tsidya la kum'mawa akhala akuoloka pa bwato pa Mtayamoyo kuti akafike ku boma lao. Madzi osefukira a mu Januwale 2015, a mu Malichi 2019, a namondwe Ana mu 2022 ndi a Freddy mu 2023 adapeza anthu omwewo m'malo omwewo. Dera limeneli ndi lomwe lidatulutsa munthu wopikisana pa upulezidenti kawiri ndiponso wachiwiri kwa sipikala. Udindo waukulu wa mwana wa pakhomo sumanga mlatho pa wokha.

Chachitatu, voti ndiyo ndodo yokhayo imene mwini dera ali nayo. Malamulo a dziko a 1994 adali ndi gawo 64 limene linkalola anthu kuchotsa phungu nthawi yake isanakwane, koma aphungu adalichotsa mu 1995. Chatsala ndi tsiku limodzi pa zaka zisanu. Lamulo la zipani la 2018 limaletsa kugawa ndalama ndi mphatso pokopa ovota, koma tonse tikudziwa kuti nsalu, mchere ndi timakwacha zimayendabe usiku. Wogulitsa voti ndi paketi ya shuga wadzitsekera pakamwa zaka zisanu.

Kwa inu makolo athu, amene ena mwa inu mudavotera nyali mu 1993, tiuzeni ife ana anu m'mene zidaliri pamene phungu ankachita kutsika kuchokera kumwamba. Kwa inu abambo ansembe ndi anzanga a m'seminale, ambiri a ife tidzatumikira anthu a m'madera omwewa, ndipo nyengo ya kampeni ikadzafika andale adzagogoda pa zitseko za parishi. Si ntchito yathu kuuza anthu chipani choti avotere. Koma tingathe kuwakumbutsa mafunso amene agogo athu a ku Lower River adalibe mwai wofunsa kwa zaka 33: Udalonjeza chiyani? Wachita chiyani? Madzi atabwera, udali kuti?